Khofi Wogulitsidwa ndi Dzina la Kwawo: Kabuku ka Mabanja a ku Rufunsa

Abambo ndi amayi a m'madera a mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, kabuku aka talembera inu amene mwamva kuti mu khofi muli ndalama ndipo mukuganiza zomuyesa ku dimba kapena kuseri kwa nyumba. Zimene mwamvazo si zabodza. Khofi wabwino amagulidwa pa mtengo wokwera, ndipo muno m'Zambia alipo amene akumulima n'kumamutumiza kunja. Koma tineneretu musanagule ngakhale mbande imodzi: Rufunsa si kwawo kwa khofi. Malo ena okwera, okhala ndi madzi osaphwa, angamulandire. Malo ambiri sangathe. Tikufuna mudziwe kumene munda wanu wagwera, muyese ndi mitengo yowerengeka popanda kumwaza chuma cha banja, ndipo mukadzakolola mudzakonze khofi woti wogula afunse dzina la mudzi umene wachokera.

KHOFI WA MALO AMODZI NDI WOTANI?

Khofi wambiri amene anthu amamwa padziko lapansi ndi wosakaniza. Wa dziko ili amathiridwa pamodzi ndi wa dziko lina, wabwino ndi wosalongosoka, ndipo womwayo sadziwa amene analima. Mtengo wa khofi wamba wa mtundu wa arabika umatsata msika wa ku New York, umene umakwera ndi kutsika mosaganizira mlimi. M'chaka cha 2019 unatsika kufika pansi pa dola imodzi pa paundi, yomwe ndi pafupifupi theka la kilogalamu. Mu Febuluwale 2025 unadutsa madola 4. Khofi akakhala wa dzina amapumako ku chipwirikiti chimenechi, chifukwa wogula amagwirizana ndi alimi mtengo wakewake potengera kukoma.

Pali zinthu ziwiri zimene wogula wotere amafuna, ndipo musazisokoneze. Choyamba, khofiyo akhale wa malo amodzi odziwika: famu imodzi, mudzi umodzi kapena kopaletivu imodzi, wosasakanizidwa ndi wa kwina, ndipo pakhale zolembedwa zotsimikiza. Pa mapaketi a m'masitolo amalembapo kuti single origin. Chachiwiri, akhale wokoma kwenikweni. Akatswiri olawa amakazinga njere pang'ono, n'kuzipera, n'kuthira madzi otentha m'makapu angapo, kenako amanunkhiza ndi kulawa. Amapereka malikisi pa 100, ndipo khofi amene wafika 80 kupita m'mwamba ndiye amawerengedwa kuti ndi wapamwamba. Asanalawe n'komwe amatenga magalamu 350 a njere zosakazinga n'kuziyala patebulo. Akapezamo njere yakuda, yowola, yankhungu kapena mwala, khofiyo watuluka kale m'gulu lapamwamba. Dzina la mudzi palokha silikometsa khofi. Komanso khofi wokoma wopanda zolembedwa amangomira m'matumba a ena.

AMENE AKULIMA KALE

Khofi wamalonda anayamba kukula m'dziko muno kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene boma, mothandizidwa ndi World Bank, linatukula minda ya Kateshi ndi Ngoli pafupi ndi Kasama. Minda imeneyi, pamodzi ndi ya Isanya ku Mbala, lero ili m'manja mwa kampani ya Northern Coffee Corporation, imene kampani ya Olam inagula mu 2012. Kummwera, ku Mazabuka, kuli famu ya Mubuyu imene imatulutsa khofi wa Munali, yemwe ena mwa inu munamuonapo m'masitolo a ku Lusaka. Cha m'ma 2004 ndi 2005 Zambia inkatumiza kunja matani opitirira 6,000 pa chaka. Kenako ulimiwu unalowa pansi kwambiri chifukwa cha mitengo yotsika, chilala ndi kusowa kwa ngongole zodikira mbewu yochedwa kubereka, ndipo mafamu ambiri anazula khofi. Mbiri imeneyi muziikumbukira wina akamakuuzani kuti khofi salephera.

Onse tatchulawa ndi mafamu akuluakulu okhala ndi madamu ndi mapaipi. Chitsanzo chofanana ndi ife chili ku Malawi. Kumeneko alimi ang'onoang'ono a kumapiri a Misuku ku Chitipa, a Phoka ku Rumphi, a Viphya, a kumtunda kwa Nkhata Bay, a ku Mzimba ndi a ku Ntchisi anagwirizana m'makopaletivu asanu ndi imodzi, amene ali pansi pa bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Mlimi aliyense ali ndi kamunda kake, koma zipatso amakasendera pamodzi pa makina a gulu, ndipo bungwe ndi limene limafuna msika. Khofi wa ku Misuku amadziwika ndi dzina lake kwa okazinga a ku Ulaya ndi ku America chifukwa cha dongosolo limeneli. Ku Mozambique nako, pa phiri la Gorongosa, mabanja akubzala khofi pansi pa mitengo yachilengedwe imene akuibwezeretsa pamalo amene nkhalango inatha.

KODI MUNDA WANU UNGAMULANDIRE?

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse, ndipo muliwerenge pamodzi banja lonse.

Arabika anachokera m'nkhalango za kumapiri a Ethiopia. Amakonda malo ozizirirako, pamene kutentha kwa chaka chonse kumazungulira pa madigiri 18 mpaka 22, ndi mvula ya mamilimita 1,200 kapena kuposa. Kutentha kukamapitirira madigiri 30 masiku ambiri, maluwa amayoyoka, masamba amapsa, ndipo zipatso zimacha msanga njere zisanakhwime bwino. Njere yokhwima mothamanga imakhala yopepuka ndi yosakoma. N'chifukwa chake khofi wa dzina amachokera kumtunda. Kasama ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Mbala ali pamwamba pa 1,600.

Tsopano taganizani za msewu wathu wa Great East. Umanyamuka ku Lusaka pa mamita pafupifupi 1,280 n'kumatsetsereka mpaka pa mlatho wa Luangwa, pomwe ndi pansi pa mamita 500. Rufunsa ali pakati pa malo awiriwa. Mukatsika mamita 100 alionse, kutentha kumawonjezeka ndi theka la digiri kapena kuposerapo pang'ono. Mvula ya kumtunda kwathu kuno imagwa pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000 pa chaka chabwino, ndipo kuzigwa za Lunsemfwa ndi Luangwa imachepera pamenepo. Kuyambira Epulo mpaka Novembala kumakhala kopanda mvula. Ngati mukukhala kuchigwa, kumene Okutobala amawotcha mpaka usiku, khofi musamuyambe. Tikunena izi mosabisa chifukwa si bwino kuti muthirire mtengo zaka zitatu n'kudzauona ukuuma. Wina angakuuzeni kuti robusita, mtundu wina wa khofi, amapirira kutentha. N'zoona, koma amafuna mvula yambiri ndi mpweya wachinyontho kuposa arabika, choncho chilimwe chathu chachitali sangachipirire.

Kwa inu a kumtunda, funsani alangizi a zaulimi a kampu yanu akupimireni kukwera kwa munda ndi GPS. Mafoni ambiri a masiku ano amathanso kuonetsa. Malo oyandikira mamita 1,100 kapena kuposa, okhala ndi mthunzi, ndi oyenera kuyesapo. Ku Mazabuka mvula si yambiri kuposa kwathu kuno, koma khofi amachita chifukwa amathiriridwa chilimwe chonse. Ngakhale ku Kasama, kumene mvula ndi yochuluka, mafamu amathirirabe.

Funso la madzi muliyankhe pokumbukira chaka choipa, osati chabwino. Mukukumbukira chilala cha 2023 mpaka 2024, chimene Purezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse. Kodi kasupe, mtsinje kapena chitsime chimene mukudalira chinali ndi madzi mu Okutobala wa 2024? Ngati chinaphwa, chidzaphwanso. Ngati ndi mjigo wa mudzi wonse, madziwo ndi akumwa a anthu ndi ziweto, ndipo khofi asalande. Mbande imodzi imafuna madzi okwana ndowa ya malita 20 pa sabata m'miyezi yotentha, ndipo mtengo waukulu wobereka umafuna kuwirikiza kangapo. Mbande 50 ndi ndowa 50 pa sabata. Ndani adzatunge? Ngati yankho ndi lakuti amayi ndi ana, kambiranani bwino musanakumbe dzenje.

Nthaka ikhale yakuya, yoti mukakumba mita imodzi simukugunda thanthwe, ndipo madzi asamadikhe. Pakatikati pa dambo sipabwino: m'dzinja mizu imawola, ndipo mu Juni ndi Julayi mpweya wozizira umakhazikika m'munsi, moti chisanu chingawambe masamba usiku umodzi wokha. Sankhani kamtsetse ka m'mbali mwa dambo. Khofi amakonda nthaka yowawasa pang'ono, ya pH 5.5 mpaka 6.5. Alangizi angakuthandizeni kutumiza dothi kukapimidwa ku Mount Makulu ku Chilanga.

Pomaliza pali nkhani ya mwini malo. Mtengo wa khofi umakhala zaka 20 kapena kuposa. Pa malo a mafumu, dziwitsani anyakwawa, ndipo pabanja mugwirizane pamaso pa mboni kuti mitengoyo ndi ya yani ndipo idzatsalira yani. Musagwetse nkhalango kuti mubzale khofi. Kupatula kuti mthunzi ndi akasupe zimachokera ku mitengo yomweyo, mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2023 lokana khofi wolimidwa pamalo amene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020, ndipo limafuna kuti malo a munda uliwonse alembedwe ndi GPS.

Ngati mwaona kuti munda wanu sukukwanira, simunaluze kanthu. Njira yogulitsa ndi dzina la kwanu imagwiranso ntchito pa uchi wa m'miombo ndi mtedza, monga mmene bungwe la COMACO limachitira ndi zokolola za alimi a m'chigwa cha Luangwa pansi pa dzina la It's Wild.

KUYAMBA NDI MITENGO YOCHEPA

Mitengo 30 mpaka 50 ndi yokwanira kuti banja lione ngati khofi akugwirizana ndi malo ake. Chimanga, mtedza ndi ndiwo za ku dimba zikhale mmene zinalili, popeza khofi sadzakupatsani kanthu mpaka chaka chachitatu, ndipo zokolola zenizeni zimayamba chaka chachinayi kapena chachisanu.

Mbewu musatole paliponse. Njere za m'sitolo n'zokazinga, sizimera, ndipo njere zosakazinga zikagonera miyezi yambiri zimafooka. Funsani kudzera kwa alangizi, ku bungwe la alimi a khofi la Zambia Coffee Growers Association, kapena ku malo a kafukufuku a Misamfu ku Kasama. Mtundu wa Catimor 129, umene ku Malawi amautcha Nyika, ndi waufupi, umabereka msanga ndipo umapirira matenda a dzimbiri la masamba ndi owoletsa zipatso. SL28 ndi wokoma kwambiri koma dzimbiri limamugwira mosavuta, makamaka kumalo otsika ndi otentha. Mudzamvanso za Geisha, amene anatchuka mu 2004 pamene famu ya Hacienda La Esmeralda ya ku Panama inapambana naye mpikisano n'kumugulitsa pa mtengo umene unadabwitsa ogula. Ku Misuku amamulimanso. Kukoma kwake kumaoneka kumapiri aatali, choncho kwathu kuno yambani ndi mtundu wopirira.

Njere zimamera pakapita mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo mbande zimakhala m'machubu pa nazale ya mthunzi miyezi 6 mpaka 12, kufikira zitakhala ndi masamba awiriawiri kasanu ndi kamodzi kapena kuposa. Gulu likhale ndi nazale imodzi m'malo moti aliyense avutike payekha.

Maenje akumbidwe mvula isanagwe, masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba muunjike mbali ina, lapansi mbali ina. Sakanizani lapamwambalo ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana n'kubwezera m'dzenje kuti likhazikike. Kwa mitundu yaifupi, siyani mamita 2 pakati pa mizere ndi mita imodzi ndi theka pakati pa mitengo. Wokani mvula ikakhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, tsiku la mitambo. Pochotsa chubu onani muzu waukulu. Ngati wapindika pansi, dulani kopindikako, chifukwa mtengo wa muzu wopindika umakula bwino zaka ziwiri kenako umafota pomwe wayamba kubereka. Mbande ilowe m'nthaka kufika pamene dothi la m'chubu linalekezera, osakwirira tsinde.

Kwathu kuno mthunzi si wochita kusankha. Nthochi zimapereka mthunzi wamsanga ndi chakudya, koma zimamwa madzi ambiri, ndiye zikhale patali pang'ono ndipo muzichepetsa ana ake. Gilisidiya amakula msanga, amadulirika, ndipo masamba ake ndi manyowa. Msangu ndi wochedwa koma uli ndi khalidwe lotikomera: umakhala ndi masamba m'chilimwe pamene dzuwa lili pa ukali, n'kuyoyola m'dzinja. Ngati pamalopo pali kale mitengo yachilengedwe, isiyeni, mungophatako nthambi kuti kuwala kuzilowa mwa apo ndi apo.

Phimbirani nthaka ndi udzu kapena mapesi mochindikala, koma zophimbirazo zisakhudze tsinde, kuopa chiswe ndi kuwola. Udzu wouma umaitananso moto, ndipo tonse tikudziwa mmene lupsa limayendera kuno kuyambira Ogasiti. Lambulani mkuzi wotchinga moto kuzungulira munda wonse udzu usanaumitsitse, ndipo mangani mpanda wa mbuzi.

Mtengo ukakula, chotsani mphukira zotuluka pa tsinde ndi nthambi zokhudza pansi. Chaka choyamba kubereka, thotholaniko zipatso zina ngati zachuluka. Zimapweteka mtima, koma mtengo waung'ono ukasenza zipatso zambiri nthambi zake zimauma kuyambira kunsonga, ndipo umatenga zaka kuti uchire.

ADANI A KHOFI

Mdani wamkulu m'chigawo chino cha Africa ndi mbozi yoyera yoboola tsinde. Kachilombo kake kamaikira mazira m'makungwa m'munsi mwa tsinde nthawi ya mvula. Mbozi ikaswa imadya khungwa mozungulira, kenako imalowa m'kati mwa mtengo. Zizindikiro zake ndi utuchi pansi pa tsinde, mphete yotupa pa khungwa ndi masamba achikasu. Mvula isanayambe, pukutani tsinde ndi chiguduli chokhakhala kapena chitsononkho kuti makungwa omasuka achoke, kachilomboko kasowe poikira. Mukaona bowo, lowetsani waya mubaye mboziyo. Mtengo wowonongeka kwambiri muzule n'kuwotcha, osausiya kuti upatsire anzake.

Dzimbiri limaoneka ngati ufa wachikasu kunsi kwa tsamba. Matenda owoletsa zipatso amadetsa zipatso zaziwisi ndi timabala takuda tolowa m'kati. Onsewa amachepa mtengo ukakhala wodyetsedwa bwino ndi wodulidwa kuti mphepo izidutsa. Mankhwala opopera musagule mongomva, funsani alangizi. Amene muli pafupi ndi nkhalango za nyama konzekeraninso anyani ndi apusi, chifukwa zipatso zakupsa n'zotsekemera.

KUTHYOLA NDI KUKONZA

Mlimi angasamale mtengo zaka zinayi n'kuwononga khofi wake m'masiku awiri. Malikisi 80 aja amapezeka kapena kutayika pano.

Maluwa oyera onunkhira amatuluka mtengo ukalandira madzi pambuyo pa chilimwe, cha mu Seputembala mpaka Novembala. Zipatso zimatenga miyezi 7 mpaka 9 kuti zipse, choncho kukolola kumagwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Apa nyengo yathu ikutikomera, popeza miyezi imeneyi ndi youma ndi yozizira, yabwino kuyanikira.

Thyolani zipatso zofiira bwino zokhazokha, chimodzichimodzi ndi zala, osapulula nthambi. Chobiriwira chimawawa ndi kuumitsa m'kamwa, chakuda chopsa mopitirira chimanunkha chowola. Zipatso sizipsa tsiku limodzi, ndiye mudzabwerera ku mtengo womwewo pakapita sabata kapena masiku 10, kangapo konse. Zakugwa pansi musasakanize. Mukafika kunyumba yalani pa mphasa yoyera n'kusankhanso, kenako thirani m'beseni la madzi. Zoyandama n'zopanda njere yokhwima kapena zoboola tizilombo. Ziwoleni muziyanike padera, zikhale khofi womwa pakhomo.

Njira zokonzera ndi ziwiri. Yoyamba ndi yotsuka, imene a ku Misuku ndi mafamu ambiri amatsata. Zipatso zisendedwe tsiku lomwelo zathyoledwa, zisagone m'thumba, chifukwa zimatentha n'kuyamba kusasa. Makina osendera opukusa ndi manja amakwanira gulu lonse. Njere zikatuluka zimakhala ndi zoterera. Ziikeni m'ndowa ya pulasitiki yoyera, osati yachitsulo yadzimbiri, n'kuvundikira kwa maola 12 mpaka 36. Kukazizira zimachedwerapo. Musadalire wotchi yokha. Tapani dzanja limodzi, tsukani, ndipo tikitani: zikasiya kuterera n'kumakhakhala m'manja, zakwana. Tsukani ndi madzi oyera katatu kapena kanayi nthawi yomweyo. Mukachedwa, fungo lowawasa limalowa m'njere ndipo silichokanso. Madzi otsukirawo asabwerere mumtsinje, chifukwa amawononga madzi ndi kupha nsomba. Kumbani dzenje patali ndi chitsime. Makoko apite pa mulu wa kompositi.

Njira yachiwiri ndi yoyanika zipatso zathunthu osasenda. Siifuna makina kapena madzi ambiri, ndipo pachifukwa chimenechi ikuyenera Rufunsa. Koma imafuna maso. Masiku oyamba yalani mopyapyala, chipatso chisakwere pa chinzake, ndipo tembenuzani kangapo pa tsiku kuti nkhungu isagwire. Zimatenga masabata atatu kapena anayi, mpaka chipatso chitada, chitauma gwa, ndipo mukachigwedeza njere zikulira m'kati.

Njira iliyonse mwa ziwirizi, musayanike pa dothi. Mangani thandala lofika m'chiuno ndi nsungwi kapena mitengo, pamwamba muyale waya wa nkhuku ndi neti kapena masaka oyera, kuti mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba. Khofi wotsuka amauma pa masiku 10 mpaka 14. Dzuwa likakula masana muphimbeni pang'ono kuti mankhusu okuta njere asang'ambike, ndipo usiku mufunditseni kuopa mame. Poyanika pomwepo muzichotsa njere zakuda, zosweka ndi zoboola. Chinyontho chofunika ndi maperesenti 10 mpaka 12. Gulu likakula ligule kachipangizo kopimira. Pakadali pano menyani njere imodzi n'kuiluma: ikaphwanyika molimba osasiya mano, yauma.

Khofi amakoka fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Thumba la feteleza, ngakhale lochapa, ayi. Chipinda cha parafini, dizilo, kapenta, fodya kapena utsi wa kukhitchini, ayi. Mumusunge ali m'mankhusu ake, m'matumba atsopano, pa matabwa osakhudza pansi kapena khoma. Akapuma mwezi umodzi kapena iwiri kukoma kwake kumakhazikika. Mankhusu amachotsedwa wogula akapezeka.

GULU, KAUNDULA NDI MSIKA

Tiyeni tiwerengere. Makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira amatulutsa kilogalamu imodzi ya njere zogulitsa. Tiyerekeze kuti mitengo yanu 50 yabereka makilogalamu atatu uliwonse. Ndiye kuti muli ndi makilogalamu 150 a zipatso, amene ndi njere zosapitirira makilogalamu 30. Thumba la khofi wopita kunja ndi la makilogalamu 60, ndipo kontena imodzi imanyamula matumba opitirira 300. Banja limodzi silidzaza ngakhale thumba. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mabanja 20 oyandikana angasonkhanitse matumba 10, ndipo amenewa ndi okwanira kukopa wokazinga khofi wa ku Lusaka, amene ndiye msika wanu woyamba. Za kunja zidzabwera pambuyo, ndipo zimadzera kwa amene ali ndi chilolezo cha Coffee Board of Zambia, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la khofi la 1989.

Kugwirizana kuli ndi mtengo wake. Khofi wa gulu amasakanizidwa m'thumba limodzi, ndiye munthu mmodzi wobweretsa zobiriwira amagwetsa malikisi a mudzi wonse. Sankhani wolandira zipatso amene angathe kubweza ndowa ya malume ake kuti akasankhenso, ndipo gulu lonse limuikire kumbuyo. Lamulo limeneli mugwirizane poyera kukolola kusanayambe, anyakwawa ali pomwepo, kuti lisadzaoneke ngati chidani.

Gulani kope lachikuto cholimba ndi sikelo imene aliyense angathe kuwerenga. Tsiku lililonse mlembi alembe dzina la mlimi, tsiku, makilogalamu, mtundu wa khofi, njira yokonzera, tsiku loyanika ndi tsiku lochotsa pa thandala. Mlimi alandire kapepala kake. Thumba lililonse likhale ndi nambala yogwirizana ndi tsamba la m'kope. Kope limeneli ndilo umboni wakuti khofi ndi wa malo amodzi, ndipo ndilo limathetsa mikangano tsiku logawana ndalama.

Musanakambe mtengo ndi aliyense, tumizani zitsanzo za magalamu 350 kwa okazinga awiri kapena atatu, ndipo pemphani akulembereni malikisi ndi zolakwika zimene apeza. Akanena kuti 78, funsani chimene chachotsa malikisi, mukonze chaka chamawa. Bungwe la African Fine Coffees Association limachititsa mpikisano wolawa wa Taste of Harvest, kumene khofi wa alimi a mu Africa amaonekera kwa ogula akunja. Pemphaninso kuti mulaweko khofi wanu pambali pa wa ena. Mlimi amene walawapo kusiyana kwa chofiira ndi chobiriwira safunanso womukakamiza kusankha. Mavenda obwera ndi ndalama m'manja zipatso zidakali mumtengo muwakane mwaulemu, popeza khofi akapita nawo dzina la mudzi limathera pomwepo.

M'nyumba namo mukhale chilungamo. Kuthirira, kuthyola ndi kusankha nthawi zambiri zimagwera amayi, choncho mayina awo alembedwe m'kaundula ndipo ndalama za mitengo yawo azilandira okha. Kukolola kumakumana ndi nthawi ya sukulu. Ana apite ku sukulu. Ogula khofi wapamwamba amafunsa za zimenezi, ndipo ngakhale akanapanda kufunsa, ana ndi anu.

ZOCHITA CHAKA CHINO

Pakati pa Meyi ndi Julayi, itanani alangizi adzapime kukwera kwa malo ndi kutenga dothi, ndipo muone ngati chisanu chimagwa pamalo mwasankhapo. Mu Okutobala pitani ku gwero la madzi mukawerenge ndowa zimene lingapereke pa tsiku anthu ndi ziweto atamwa. Zonsezi zikakhala bwino, lembetsani mabanja ofuna kuyesa, konzani nazale, ndipo mvula ikubwerayi mubzale mitengo ya mthunzi ndi nthochi. Mbande za khofi zidzalowe m'maenje dzinja lotsatira, mthunzi utayamba kugwira.